Za Kulawa Kogula ndi Ndalama

Palibe mmodzi wa inu, owerenga okondedwa, amene sadziwa mwambo wa kulawa pa msika. Mai wogulitsa thobwa amatunga pang'ono m'chikho napatsa munthu wodutsa. Wokazinga mtedza sakwiya munthu akatola njere ziwiri kapena zitatu. Ndipo chiyambire palibe anamva kuti kulawako kuli ndi mtengo. Wogulitsa ndiye amataya pang'ono poyembekeza kupindula pambuyo pake, ndipo wolawa ali ndi ufulu wa kupukusa mutu ndi kupitirira ulendo wake. Koma ku maiko a tsidya lija la nyanja kunabuka malonda ena amene anauimika mwambo umenewu chadodolido, pakuti kumeneko wolawa ndiye alipira, ndipo alipira mwezi ndi mwezi. Ndifuna tilingalire pamodzi za malonda amenewa, popeza m'kati mwake muli funso lotikhudza ife tonse, ngakhale iwo amene sanadzolepo kanthu kena koma mafuta a nsatsi.

Chiyambi chake ndi ichi. M'chaka cha 2010, mu mzinda wa New York ku America, akazi awiri, Katia Beauchamp ndi Hayley Barna, amene anaphunzira pamodzi za malonda pa sukulu yaikuru ya Harvard, anatsegula kampani yotchedwa Birchbox. Mkazi wofuna kulowamo ankalembetsa dzina lake pa intaneti, nayankha mafunso onena za khungu lake, tsitsi lake ndi zimene azikonda, nabvomera kulipira madola 10 mwezi uli wonse, ndiwo mtengo wa masiku oyambawo. Pamenepo mwezi ndi mwezi a positi ankamtengera kabokosi kokutidwa bwino, m'mene munali timabotolo ndi timachubu tinai kapena tisanu: kena ka mafuta a kunkhope, kena ka utoto wa pamilomo, kena ka zonunkhira, kena ka sopo wa tsitsi. Tonse tinali tating'ono, tongokwanira masiku owerengeka, ndipo mwini ndalama sanali kudziwa za m'katimo kufikira atatsegula. Akakonda kena, ankapita ku sitoro ya kampaniyo pa intaneti kukagula botolo lake lalikuru. M'chaka cha 2011 inabadwa kampani ina yotere ku Berlin, m'dziko la Germany, dzina lake Glossybox, ndi inanso ku America imene inadzatchedwa Ipsy. Mmodzi wa oiyambitsa anali Michelle Phan, mtsikana wodziwika ndi kuphunzitsa anzake kuphoda pa YouTube. Pasanapite zaka zambiri olembetsa anafika mamiliyoni. Birchbox yomweyo inadzapeza mabvuto a ndalama nigulitsidwa m'chaka cha 2021, koma mbeu imene inafesa inamera ponse ponse, kotero kuti kunakhala mabokosi a mwezi ndi mwezi a zakudya, a zobvala, ngakhale a zoseweretsa agalu.

Ndiyambe ndanena chimene sinditsutsa, kuti abambo ena angakondwere msanga. Sinditsutsa kudzikongoletsa. Agogo athu akazi ankakazinga nsatsi, nazisinja, naziphika kufikira mafuta atayandama, nadzola kuti thupi lisatuwe. Ankabvala mikanda, natema mphini, ndipo palibe anawayesa opusa. Ngakhale buku la Estere litiuza kuti anamwali a ku nyumba ya mfumu ya Perisiya anakonzedwa ndi mafuta ndi zonunkhira miyezi 12 asanaonekere pamaso pake. Mkazi wosamala khungu lake afanana ndi mwamuna wofolera bwino denga la nyumba yake. Funso langa liri pena, ndilo ili: kodi nkoyenera kuti munthu alipire mnzake kuti amdzutsire chilakolako chimene analibe?

Kulawitsa zodzola sikunayambe lero. David McConnell, mwamuna wa ku New York, ankayenda khomo ndi khomo kugulitsa mabuku, ndipo pofuna kuti amai amtsegulire zitseko ankawapatsa timabotolo ta zonunkhira kwaulere. Posakhalitsa anaona kuti amaiwo akonda zonunkhirazo koposa mabuku. Tsono m'chaka cha 1886 anayamba kampani ya zonunkhira imene pambuyo pake inatchedwa Avon. (Kwa ife okonda mabuku nkhani imeneyi iwawa pang'ono, koma tisaime pamenepo.) Chimene tiona apa nchakuti McConnell anadziwa kuti kabotolo kake ndi nyambo, ndipo nyamboyo anaifuna yekha monga achitira msodzi ali yense. Nzeru yatsopano ya bokosi inali iyi, kuti masiku oyamba aja opanga zodzola ankapereka timabotolo tao ku Birchbox kwaulere, pofuna kuti malonda ao adziwike, ndipo akazi ndiwo ankalipira kuti timabotoloto tifike pa khomo pao. Ndani wa inu okhala m'mbali mwa madzi anaonapo mlamba ulikudza kwa msodzi ndi ndalama m'kamwa kudzagula nyongolotsi?

Komatu mlandu suweruzidwa pakumva mbali imodzi, ndipo bokosi liri ndi mau ake abwino. Botolo lalikuru la mafuta otere likhoza kudya ndalama zambiri, ndipo mkazi amene aligula asanaliyese, napeza kuti limturutsa zidzolo, wataya zonse. Kuli bwino kuyamba ndi kakang'ono. Wokhala kutali ndi masitoro akuru aona pa khomo pake zimene akadaziyendera ulendo wautali. Akazi a khungu lakuda ngati lathu anali nachonso chifukwa chao chofunira kuyesa asanagule, pakuti kwa zaka zambiri opanga zopaka kunkhope ankapanga mitundu yochuruka ya khungu loyera ndi yowerengeka chabe ya khungu lakuda. Nchifukwa chake kunamveka mbiri yaikuru m'chaka cha 2017 pamene woimba Rihanna anaturutsa zopaka zake za Fenty Beauty za mitundu 40. Ndiponso sindidzanyoza chimwemwe cha kumasula phukusi losadziwika za m'kati mwake. Mwana amathamangira dengu amake akabwera kuchokera ku msika, ndipo mtima umenewo sutha ndi ubwana.

Wina anganditsutse kolimba koposa apa, nati, Aphunzitsi, kodi nchito ya sukulu si yomweyo, kudzutsa njala imene mwana analibe? Mwana woweta mbuzi sanalirepo kuti afuna kuwerenga. Anachita kuonetsedwa zilembo, ndipo atate wake alipira ndalama chaka ndi chaka kuti njalayo ikule. Nanga bokosi lalakwa chiani? Mau amenewa ndi olemera, ndipo ndibvomera kuti kudzutsa chilakolako, pakokha, si chinthu choipa. Munthu sabadwa wodziwa zabwino zonse. Zambiri amazidziwa chifukwa wina anamuonetsa. Koma taonani kumene kuli maso a mphunzitsi. Iye ayang'ana tsiku limene mwanayo adzawerenga kalata yekha osamfunanso, ndipo tsikulo likafika akondwera, pakuti nchito yake yatha bwino. Mzamba nayenso sakhala pa nyumba ya khanda kufikira khandalo litamera ndebvu. Tsono tifunse: tsiku limene mkazi apeza mafuta oyenera khungu lake, nati, Ndapeza, sindifunanso kuyesa ena, kodi ndilo tsiku la chimwemwe kwa mwini bokosi? Pang'ono inde, popeza adzagulitsa botolo lalikuru. Koma mwezi wa mawa bokosi lidzafikanso, ndipo posachedwa mudzakhala mafuta ena a kunkhope, omnong'oneza kuti kapena amene wapezawo sali abwino kwenikweni. Malonda amene anadza ndi lonjezo la kumthandiza kupeza akhala ndi moyo pokhapo ngati kufunafuna sikutha. Sindinena kuti eni makampaniwo ndi anthu oipa mtima, iai. Ambiri a iwo ayenera kuti akhulupiriradi kuti athandiza anzao. Chigayo sichida chimanga, koma chimanga cholowamo chituruka ufa.

Pa msika wathu kusowa ndiko kutsogola. Munthu achoka kunyumba atadziwa kuti mchere watha, kapena kuti ali ndi ludzu. Akalawa thobwa, ali ndi funso m'mtima mwake, lakuti, Kodi nlotsekemera? ndipo lilime limyankha. (Nawonso timapaketi ta sopo ndi ta shuga timene tigula pa okala si ta kulawa, kuchepa kwake ndi muyeso wa thumba lathu, kusowa kwake tinakudziwa kale.) Koma m'bokosi yankho lifika funso lisanabadwe. Tiyerekeze mkazi amene sanaganizepo za khungu la pansi pa maso ake. Atsegula bokosi napeza kachubu kolembedwa kuti nka mafuta a pansi pa maso. Apita nako pa kalirole, nayang'anitsitsa, ndipo taonani, timakwinya tiripodi, timene tinalipo dzulo ndi dzana osambvuta konse. Kachubu katha pa masiku khumi, koma timakwinya tija sitichokanso m'maso mwake; m'mawa uli wonse ndito ayamba kuona. Anagula mankhwala nalandira ndi nthenda yomwe. Mwezi wina idzakhala nthawi ya khosi, mwezi wina ya nsidze, mwezi wina ya zikhadabo, kufikira thupi limene kale linali limodzi, losambitsidwa ndi sopo mmodzi ndi kudzozedwa mafuta amodzi, lagawidwa ngati munda wa ana amasiye, chigawo chiri chonse ndi mwini wake wodzatenga msonkho. Ichi ndicho chindibvuta koposa zonse, pakuti ndalama zotayika zikhoza kubwerera ndi nchito ya manja, koma mtendere umene mkaziyo anali nao poyang'ana nkhope yake sudziwika njira yobwerera.

Palinso chinthu chimene mau akuti kulawa atibisira. Lilime ndi woweruza wachangu. Madzi akangokhudza pakamwa mlandu watha. Maso ndi mphuno ziri chomwecho, ndipo chifukwa chake pa utoto wa pamilomo ndi pa zonunkhira bokosi lichita zoona, pakuti mkazi adziwa tsiku lomwelo ngati zamuyenera. Khungu silitero. Odziwa za khungu atiuza kuti khungu la pamwamba limadzikonzanso lokha pa nthawi ya ngati mwezi wathunthu, nilichedwerapo munthu akamakalamba. Ndipo mafuta olonjeza kuchotsa ziphuphu kapena kusalaza makwinya afuna masabata angapo, ena miyezi, asanaonetse ngati ananena zoona. Kachubu ka masiku asanu katha mlandu usanayambe kuzengedwa. Chimene mkazi waweruza pamenepo ndi fungo lake, kufewa kwake pa chala, ndi kukongola kwa botolo, ndizo zimene wopanga adziwa bwino kuzikometsera. Ndipo akadzola zatsopano zitatu usiku umodzi, nadzuka nkhope iri kuyabwa, adzaimba mlandu chiti? Madokotala alangiza kuyesa chinthu chimodzi pa kamalo kakang'ono, monga m'kati mwa mkono, masiku angapo, asanachifikitse kunkhope. Kuona maso a nkhono nkudekha. Koma bokosi silidekha. Lisanathe la mwezi uno, la mwezi wa mawa liri kale pa njira.

Tinene pang'ono za chikuto chake. Bokosilo limafika lokonzedwa ngati mphatso, ndi mapepala ofewa a maanga maanga, ndipo akazi ambiri amalitcha mphatso yodzipatsa okha. Ena amadzijambula polimasula naonetsa anzao pa YouTube. Kwathu kuno mphatso iri ndi nkhope ya woipereka. Nkhuku imene azakhali akugwirirani pamene mwakawachezera inena kuti anakuganizirani inu, osati munthu wina, ndipo imanga chibale chimene inunso mudzachikumbukira tsiku lina. Nanga amene anaganizira mkazi wa bokosi ndani? Mayankho ake aja a pa intaneti, kompyuta yosanja maina zikwi zikwi, ndi opanga amene anafuna kuti malonda ao adziwike mwezi umenewo. Sindimseka mkazi wokhala yekha mu mzinda waukuru, wopanda womtumizira kanthu, amene mtima wake udumpha pakumva a positi pa khomo. Chimwemwe chake nchenicheni. Koma njala imene iri pansi pa chimwemwecho ndi ya kukumbukiridwa ndi munthu, ndipo wogulitsa waizindikira naibveka pepala lokongola. Amene walandira chooneka ngati mphatso amamvanso kangongole m'mtima, monga manyazi amene amgwira munthu wolawa mtedza kawiri nachoka osagula. Birchbox inkapatsa mapointi akazi olemba maganizo ao pa zimene ayesa, ndipo mapointiwo ankagulira zinthu m'sitoro ya kampani yomweyo. Chotero mkazi analipira kulawa, nagwiranso nchito ya kuuza wogulitsa nyambo imene imkoma.

Nanga ufulu uja wa kupukusa mutu uli kuti? Pa msika munthu afunsidwa tsiku liri lonse, ndipo akakhala chete sagula. M'malonda a bokosi mkazi anena inde kamodzi, napereka manambala a khadi lake la ku banki, ndipo kuyambira pamenepo ndalama zichoka zokha mwezi ndi mwezi. Kukhala chete kwasanduka kubvomera, ndipo kukana ndiko kufuna nchito: kukumbukira tsiku lake, kufunafuna pa intaneti pamene pali khomo loturukira, nthawi zina kuimba lamya ndi kudikira. Munthu ati, Ndidzaleka mawa, ndipo mawa limpeza ndi zina. Ena a inu amene muli ndi foni za m'manja mwachidziwa kale chinthu chimenechi, pamene munabvomera kamodzi kuti okuimbirani azimva nyimbo, ndipo mayunitsi anayamba kuchepa okha.

Pano tiyende bwino, pakuti ife tilemekeza malonjezo okhalitsa. Ukwati ndi inde wonenedwa kamodzi wogwira moyo wonse, ndipo wokongola ndalama saloledwa kunena kuti mtima wake wasintha. Koma malonjezo otere timawazinga ndi zolemera, ndi ankhoswe, ndi mboni, ndi masiku a kulingalira, kuti wolonjeza adziwe kukula kwa chimene anena. Ndipo amanga mbali zonse ziwiri. Inde wa bokosi wapangidwa dala kuti akhale wopepuka ponena, wa kukhudza kamodzi ndi chala usiku munthu ali ndi tulo, koma wolemera pommasula. Kodi inde wa mwezi wa Januwale angamuimire munthu wa mwezi wa Okutobala, amene kapena nchito yamthera, kapena wabala mwana, kapena wangopeza chimene anali kufuna? Ine ndiyesa kuti malonda oongoka ayenera kufunsanso. Aboma a ku America anaona chomwecho: m'chaka cha 2024 bungwe lao loyang'anira malonda, Federal Trade Commission, linaika lamulo lakuti kuturuka m'malonda onse olipira mwezi ndi mwezi kukhale kwapafupi monga kulowamo. Mabungwe a amalonda anakasuma, ndipo m'mwezi wa Julaye 2025 bwalo la milandu linalifafaniza lamulolo, lisanafike tsiku lakuti amalonda ayambe kulitsata lonse, ponena kuti bungwelo silinatsate njira yoyenera poliika. Tingadzifunse tokha chifukwa chake wogulitsa wokhulupirira katundu wake aopa khomo lotseguka.

Kuweruza kwanga tsono ndi uku. Mkazi amene alowa ndi funso lake, lakuti afuna mafuta osayabwa kapena utoto woyenera milomo yake, nadziikira yekha tsiku la kuturuka, walemba wanchito wabwino pa mtengo wochepa, ndipo sindimpeza chifukwa. Chodabwitsa nchakuti eni mabokosi adziwa kupanga chinthu chotere, pakuti munthu akagulira mlongo wake bokosi la miyezi itatu monga mphatso yeniyeni, miyeziyo ikatha bokosi lileka kufika. Koma amene alowa wopanda funso, kuti auzidwe ndi mlendo chimene asowa, wapereka chinthu chimene sichinalembedwe pa mtengo, ndicho udindo wa kudziwa yekha pamene wakhuta. Ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

Tiwerengere pamodzi monga tichitira m'kalasi. Timabotolo 5 pa mwezi, pa miyezi 12, tikwana 60, ndipo pa mtengo wa masiku oyamba aja tinali madola 120. Ndipo nkhope ya mkaziyo ndi imodzi. Tambiri tikhala m'kabati osatsegulidwa, tina tiuma, tina tipitirira masiku ake. Chifukwa cha ichi akazi olandira mabokosi anayamba kusonkhana pa intaneti kuti asinthane zimene sanazifune, uyu ndi utoto wosayenera khungu lake, uyo ndi sopo wa tsitsi losakhala ngati lake. M'misonkhano imeneyo mkazi amayamba ndi kunena chimene asowa, mnzake nayang'ana m'kabati ngati ali nacho, ndipo akamvana atumizirana timabotoloto m'maenvulopu, yense alipiranso yekha ndalama ya positi.